Kuwerenga Kuyambira pa Ziro

Lachiwiri lililonse madzulo ndimakwera phiri la Barón
manja akununkhabe dzimbiri la padoko,
kukakhala pakati pa ana oti ndikanawabereka ndine,
pa kompyuta yachitatu kuchokera pazenera,
ija batani lake la E linafufutika kalekale.

Kumunsiku Valparaíso akuyatsa nyale zake imodziimodzi.
Sitima zikudikira. Sizikudikiranso ine.

Mayi Quilodrán analemba pabolodi:
ntchito yachinayi, mipira isanu ndi iwiri iyende pasikirini,
ikagunda khoma ibwerere.
Yambani mwaumba chikombole, anatero,
mpira uliwonse utulukemo ndi zakezake,
pamene uli, liwiro lake, mtundu wake,
kenako muindandalike pamndandanda.
Ndipo kumbukirani, uku akugogoda bolodi ndi mphete,
woyamba pamndandanda si wani ayi.
Ndi ziro.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndawerenga makontena
osayambirapo pa ziro.
Millaray, mtsikana wa pambali panga, anaseka chamumtima
nandilozera ndi pensulo pomwe sindinatseke bulaketi.

Mipira yopanda maina sindinaifune.
Ndinawonjezera mzere umodzi m'chikombolemo
ndipo gulu lathu lausiku linabwerera.
Ziro ndi Eleuterio, wachikasu, woyenda ngati akukabweza ngongole.
Wani ndi Nibaldo, wofiirira, amene ankadya ali chiimire.
Thuu ndi Floridor wa chifuwa chosatha.
Enawo anatsatira, aliyense ndi liwiro lomwe ndimamudziwa nalo,
ine n'kudziika pa sikisi, kumapeto, monga kale.

Ndinadina batani.
Anayenda!
Onse asanu ndi awiri, molunjika kudzanja lamanja,
n'kutuluka pasikirini osacheuka,
ngati m'mawa uja kampani inatipatsa makalata.
Ndinali ndisanawauze za khoma.

Ndiye ndinawauza: ukafika kumapeto, tembenuza liwiro.
Kachizindikiro kamodzi kochotsera,
kamzere kochepa ngati tsitsi la m'nsidze,
n'kokwanira kubweza munthu.
Padoko palibe anatiuzapo zimenezo.

Kenako malemba ofiira.
Pulogalamu yaima, mipira yauma m'malere.
Mayi Quilodrán anawerama, magalasi ali pansonga ya mphuno.
Mwaitana wachisanu ndi chitatu, bambo,
pomwe mndandanda wanu ukuthera pa asanu ndi awiri.
Mukufunsa munthu amene palibe.
Chotsani aka basi.

Ndinati zikomo.
Sindinawauze kuti tinalidi asanu ndi atatu,
kuti Baltasar chingwe chinamudukira mu Ogasiti wamvula,
chipewa chake n'kutsala chikuyandama pakati pa sitima ndi khoma,
kuti zala zanga zimawerengabe mpaka pa iye
ngakhale mutu utazikaniza.

Ndinachotsa. Zofiira zinazimirira.

Cholakwika chomaliza ndicho ndachisunga.
Paja chithunzi chimayenera kufufutidwa n'kujambulidwanso
kamakumi asanu ndi limodzi pa sekondi
kuti diso linyengeke lizti chinthu chikuyenda.
Ine mzere wofufutawo ndinauika posayenera,
moti aliyense akusiya mkukuluzi pomwe wadutsa.
Wachikasu wapingasa wobiriwira,
Nibaldo wazungulira kanayi Floridor asanafike pakati,
sikirini yadzaza yonse
ngati zingwe zotayidwa padoko ntchito itatha,
ndipo pakona yakumanzere, m'munsi,
patsala kamalo koyera pomwe palibe wapondapo.

Millaray akuti pamenepo andichotsera mamalikisi awiri.
Achotse.

Basi yomaliza yandisiya ndikuyang'anabe kamaloko.
Ndatsika masitepe wapansi, mphepo ya kunyanja ikulowa m'khosi,
agalu a m'misewu akundiperekeza mosinthana,
fulashi ili m'thumba la malaya, cha pamtima,
amuna asanu ndi awiri akugunda makoma m'katimo
n'kumabwerera.
Ndikuwerenga masitepe.
Ziro. Wani. Thuu.